Kodi ndingayambe kafukufuku wa plasma ndi laputopu yokha kuno ku Lilongwe?

Funso

Ndinamaliza digiri ya physics chaka chatha, ndipo panopa ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Area 25. Pulofesa wina wa kunja wandiyankha kuti angathe kundilandira pa masitazi ngati ndingakonde kafukufuku wa capacitively coupled plasma modelling. Ndayesa kuwerenga koma mutu sukugwira. Kwenikweni n'chiyani chimenechi, ndipo chimagwira ntchito yanji popanga zipangizo? Amalume akuti ndikungotaya nthawi poti kuno kulibe fakitale yoteroyo. Ndili ndi laputopu basi. Kodi ndingayambe ndili konkuno?

Mphunzitsi wamkazi, Area 25

Yankho

Achemwali, mungayambe, ndipo mungayambe mwezi uno. Za amalume tikambirana chakumapeto, chifukwa mbali ina akunena zoona. Choyamba ndikufuna muwaone makinawo m'maganizo, popeza amene amathamangira ma equation asanadziwe chimene chikuyaka m'bokosimo ndi amene mutu umawaima.

Pali chibokosi chachitsulo chotsekedwa bwino, chosalowa mpweya. Pampu imakoka mpweya wonse, kenako amalowetsamo gasi pang'ono, tinene argon, mpaka pressure ifike cha m'ma 10 Pa. Mpweya umene tikupuma kuno ku Lilongwe uli pafupifupi 90,000 Pa, ndiye mkatimo mwatsala zochepa kwambiri. M'bokosimo muli zitsulo ziwiri zafulati zoyang'anizana, zotalikirana masentimita awiri kapena atatu, yomwe ndi capacitor ija mumaphunzitsa ana m'kalasi. Chitsulo chimodzi amachilumikiza pansi (ku ground), chinacho ku jenereta ya magetsi opita ndi kubwerera. Magetsi a m'nyumba zathu amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi. A m'makina awa amatero ka 13.56 miliyoni. Nambala imeneyi sinasankhidwe chifukwa choti plasma imaikonda. Ndi frequency imene mayiko anagwirizana kuisiyira mafakitale, asayansi ndi achipatala kuti asamasokoneze mawayilesi, ndipo ndi yomweyo imene khadi la ku banki limagwiritsa ntchito mukaligunditsa pa kamakina kolipirira mu shopu.

Mukayatsa jenereta, ma electron ochepa amene alimo kale amathamangitsidwa, n'kumagunda ma atom a argon mpaka kuwathothola ma electron ena. Atom imene yathotholedwa electron imatchedwa ion, ndipo gasi yokhala ndi ma electron ndi ma ion oyendayenda chonchi ndiyo plasma. Popeza yayatsidwa pakati pa zitsulo za capacitor, amati capacitively coupled plasma. Gasiyo imayamba kuwala mtundu wa pepo. Mukasuzumira pa kawindo ka galasi, muona chinthu chimene ndikufuna musachiiwale: pakati pakuwala, koma pafupi ndi chitsulo chilichonse pali kamzere kakuda, kokhuthala mamilimita angapo basi. Kamzere kameneko ndi sheath. Ntchito yonse imene makinawa amagulidwira imachitikira m'kamzere kakudako, osati m'kuwala kokongolako.

Chimene chimapanga sheath ndi kusiyana kwa kulemera. Ion imodzi ya argon imalemera kuposa electron ka 73,000. Ma electron ndi opepuka moti amatsatira magetsiwo pamene akupita ndi kubwerera, pomwe ma ion sangathe, amangomva kukoka kwapakatikati. Plasma ikangoyaka, ma electron amayamba kufika pa zitsulo ndi pa makoma, n'kuzisiya zili negative poziyerekeza ndi plasma. Zikatero makomawo amayamba kubweza ma electron n'kumakoka ma ion, ndipo pafupi nawo pamatsala mpata wopanda ma electron okwanira kuwalitsa gasi. N'chifukwa chake pamada. Pafupifupi voltage yonse imene jenereta ikupereka, imene imafika ma volt mazana angapo, imagwera m'kampata kameneka. Irving Langmuir, amene ankagwira ntchito ku General Electric ku America, ndi amene anafotokoza za sheath m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1949 David Bohm anasonyeza kuti ma ion ayenera kufika pa liwiro linalake asanalowemo. Kwa argon wamba liwirolo ndi pafupifupi makilomita 2.7 pa sekondi. Akangolowa, amakokedwa molunjika n'kukamenya chilichonse chimene mwaika pa chitsulocho, atachiimirira pamutu.

Chachiwiri chodabwitsa ndi kutentha. Ma electron a m'plasma yotere amakhala ndi mphamvu pafupifupi 3 eV (electronvolt, muyeso wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono), zomwe zikufanana ndi madigiri cha m'ma 35,000, koma gasi yeniyeniyo imangofunda pang'ono, moti mutha kuikamo pulasitiki osasungunuka. Electron ikagunda atom n'kudumpha, imangoipatsa kachigawo kochepetsetsa ka mphamvu yake, komanso pa ma atom miliyoni iliyonse, amene asanduka ma ion ndi owerengeka chabe. Ma electron otenthawo ndi amene amaphwanya ma molecule a gasi n'kuwasandutsa tizidutswa tolusa, tofuna kugwirana ndi chilichonse. Choncho chemistry imene ikanafuna ng'anjo ya madigiri 700 kapena 800 imatheka pa 300 kapena 400, ndipo zimene munamanga kale pa wafer, kambale kopyapyala ka silicon kamene amapangirapo ma chip, sizionongeka.

Tsono tibwere ku zipangizo. Ntchito zazikulu ndi ziwiri, kusema ndi kukuta.

Kusema, kumene amati etching, ndi kumene kunapangitsa kuti foni yanu ikhale yaing'ono chonchi. Kale ankasema silicon poiviika mu asidi, koma asidi amadya mbali zonse, pansi ndi m'mbali momwe, ndiye tinjira tating'ono tinkagumuka. Mu 1979 John Coburn ndi Harold Winters a ku IBM anachita kafukufuku amene aliyense wa m'ntchito iyi amamudziwa. Anathira gasi ya xenon difluoride pa silicon, silicon n'kumadyeka pang'onopang'ono. Atawonjezerapo ma ion a argon omenya pamwamba, kudyekako kunakwera pafupifupi kakhumi. Atatseka gasi n'kusiya ma ion okha, kunatsikiratu. Tanthauzo lake n'lakuti pamene ion yamenya ndi pamene chemistry imathamanga. Ndipo popeza sheath imaponya ma ion molunjika pansi, pansi pa dzenje pamadyeka msanga, m'mbali n'kutsala chilili. Mu memory ya mafoni a masiku ano, yotchedwa 3D NAND, amasanjikiza zigawo zoposa 200, n'kuboola timabowo ta pafupifupi 100 nm (ma nm miliyoni imodzi ndi milimita imodzi) m'mimba mwake, takuya kuposa kukula kwake ka 50 kapena kupitirira. Zili ngati kukumba chitsime cha mita imodzi m'mimba mwake kufika mamita 50 pansi, osakhota ngakhale pang'ono, ndipo zitsime zake mabiliyoni nthawi imodzi, zonse zofanana. Timabowo totere amatiboola m'makina a capacitively coupled plasma, pogwiritsa ntchito magasi a fluorine ndi carbon monga C4F8. Makampani amene amapanga makinawa ndi monga Lam Research ndi Applied Materials a ku America ndi Tokyo Electron ya ku Japan.

Kukuta ndiye mumakuona tsiku ndi tsiku. Mukadutsa kwa ogulitsa masola mu Malangalanga, muimirire pang'ono muyang'anitsitse panelo ya buluu ija. Silicon yeniyeni ndi yotuwa ndi yonyezimira, ndipo ikakhala yosalala imabweza kuwala koposa 30 peresenti. Buluuyo ndi kachikuto ka silicon nitride kokhuthala pafupifupi 75 mpaka 80 nm, kamene amakapanga m'plasma posakaniza silane ndi ammonia. Kachikutoko kamachepetsa kuwala kobwerera, komanso hydrogen amene amatsaliramo amatseka timabala ta pamwamba pa silicon pamene magetsi akanatayikira. Ukadaulo womwewu ndi umene uli m'maselo a mapanelo a m'minda ikuluikulu ya sola, ngati wa 60 MW wa ku Salima umene unayamba ntchito mu 2021. Ma transistor a kuseri kwa galasi la TV ndi laputopu yanuyo nawonso amakutidwa m'makina a mtundu umenewu, kungoti ake ndi akuluakulu, magalasi ake oposa mamita awiri mbali imodzi.

Nanga modelling ikulowa pati? Woyendetsa makina ali ndi zotembenuza zochepa: pressure, voltage, frequency, mtundu wa gasi, mpata wa pakati pa zitsulo. Koma chimene wafer imamva si zimenezo. Imamva kuchuluka kwa ma ion amene akuifika pa sekondi, mphamvu ya ion iliyonse, kupendekeka kwake pofika, ndi tizidutswa ta gasi timene tikubwera nawo. Pakati pa chotembenuza ndi wafer pali plasma, ndipo m'makina a fakitale simungangolowetsamo choyezera osasokoneza chimene mukuyezacho kapena kudetsa wafer. Model, yomwe ndi masamu ofotokoza zimene plasma ikuchita, ndiyo imalumikiza mbali ziwirizi.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi ichi. M'makina a frequency imodzi, mukakweza voltage kuti ma ion achuluke, mphamvu yawo imakweranso, ndipo amayamba kuononga zimene simunafune. Mafakitale anayesa kumasula ziwirizi poika ma frequency awiri otalikirana, monga 2 MHz ndi 27 MHz, wotsika wolamulira mphamvu, wokwera wolamulira kuchuluka. Zinathandiza, koma awiriwo amakokanabe. Mu 2008 gulu la ku Ruhr University ku Bochum, m'dziko la Germany, linasonyeza ndi masamu kuti mukaphatikiza 13.56 MHz ndi 27.12 MHz, wachiwiriyo kukhala kawiri ndendende ka woyamba, n'kumangosintha phase ya pakati pawo (kutsogolana kwa mafunde awiriwo), mutha kukweza kapena kutsitsa mphamvu ya ma ion kuchuluka kwawo kusanasinthe kwenikweni. Ma simulation (kuyeserera plasma pa kompyuta) a Zoltán Donkó wa ku Budapest anavomereza, ndipo atayeza m'labu zinapezeka zoona. Apa masamu ndi kompyuta zinatsogola, makina n'kutsatira. Ntchito imene akukuitanirani ndi ya mtundu umenewu.

Ma model alipo a misinkhu yosiyana. Wophweka kwambiri ndi global model, umene umatenga bokosi lonse ngati malo amodzi n'kungowerengera kuti ma ion opangidwa afanane ndi otayika, mphamvu yolowa ifanane ndi yotuluka. Umatha m'masekondi, ndipo musaupeputse. Wophunzira amene waulemba yekha ndi dzanja lake amamvetsa chifukwa chimene kutentha kwa ma electron kumadalira pressure ndi kukula kwa bokosi, pomwe kuchuluka kwawo kumadalira mphamvu ya jenereta. Pamwamba pake pali fluid model, umene umatenga ma electron ndi ma ion ngati zinthu zoyenderera. Ndi wachangu, umalola makina a maonekedwe enieni ndi magasi ambiri, ndipo n'chifukwa chake mafakitale amaukonda, nthawi zambiri atauphatikiza ndi njira zina monga mmene amachitira Mark Kushner wa ku University of Michigan ndi pulogalamu yake ya HPEM.

Vuto la fluid model limaonekera pressure ikatsika. Kuti muthothole electron pa argon pamafunika 15.76 eV, pomwe electron wamba ali ndi 3 eV yokha. Ndiye plasma yonse ikukhalira moyo pa ma electron ochepa othamanga kwambiri, ndipo mukaphonya pang'ono kuchuluka kwa ochepawo, zonse zaphonyeka. Mu 1990 Valery Godyak ndi Robert Piejak atayeza mu argon anapeza kuti pa pressure yotsika ma electron amagawika pawiri, ambiri ozizira ndi ochepa otentha kwambiri, ndipo pressure ikakwera kagawidweko kamasinthiratu. Otenthawo amapatsidwa mphamvu ndi sheath yeniyeniyo, imene imafufuma ndi kunyala ulendo uliwonse wa magetsi, n'kumawakankha pamene ikufufuma. Model imene yaganiziratu kagawidwe ka mphamvu isanayambe n'komwe singaone zimenezi bwinobwino.

Apa ndi pamene pamabwera njira ya particle-in-cell yophatikiza ndi Monte Carlo, imene Charles Birdsall ndi ophunzira ake ku Berkeley anaikhazikitsa pa plasma zoterezi cha m'ma 1991. Ndikukhulupirira kuti ndi imene pulofesa wanu akuganiza. Simuganiziratu kalikonse za kagawidwe. Mumaika tinthu m'kompyuta, kalikonse koimira ma electron kapena ma ion enieni ambirimbiri. Mumagawa mpata wa pakati pa zitsulo m'tizigawo, n'kuwerenga charge ya m'kachigawo kalikonse. Kuchokera apo equation ya Poisson imakupatsani electric field. Field imakankha kanthu kalikonse malinga ndi lamulo la Newton, kenako manambala a mwayi amasankha kamene kagundana ndi atom, ndiponso kagundana motani, ndipo imeneyi ndiyo Monte Carlo ija. Mukatero mumabwereza. Zonsezi munaziphunzira kale m'chaka chachiwiri ndi chachitatu. Chovuta ndi kuchuluka kwa kubwerezako. Tizigawo tiyenera kuchepa kuposa Debye length (mtunda umene kukoka kwa charge kumamvekera plasma isanakuphimbe), yomwe m'plasma wamba ndi pafupifupi 0.1 mm. Ulendo umodzi wa magetsi, umene umatenga 74 ns (ma ns biliyoni imodzi ndi sekondi imodzi), mumaudula mwina ka 4,000. Ndipo plasma imafuna maulendo oposa 1,000 kuti ikhazikike. Mukachulukitsa ndi tinthu 100,000 muona chifukwa chake laputopu imagwira ntchito maola ambiri. Koma imakwanitsa, bola model ikhale ya mbali imodzi, kuchokera pa chitsulo ichi kufika pa icho. Ya mbali ziwiri kapena zitatu ndiyo imafuna makompyuta akuluakulu a ku yunivesite, ndipo amenewo mukawapeza kumeneko.

Tsopano ndikutsineni khutu pa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri mwa ophunzira atsopano. Simulation nthawi zonse imatulutsa chithunzi chokongola, kaya mwaipatsa zoona kaya zabodza. Imadalira ma cross section, amene amanena mwayi wa kugundana kulikonse pa mphamvu iliyonse. A argon ndi helium amadziwika bwino. A tizidutswa ta magasi a fluorocarbon, amene mafakitale amawafuna kwambiri, ambiri ndi ongoyerekeza. Makoma ndiye pali vuto lalikulu. Ion ikamenya chitsulo nthawi zina imatulutsa electron, imene sheath imaiponya m'plasma ndi mphamvu ya ma volt mazana. Ambiri amangolemba kuti mwayi wake ndi 0.1 chifukwa anzawo analemba choncho, chonsecho Art Phelps ndi Zoran Petrović anasonyeza mu 1999 kuti nambalayi imasintha kwambiri malinga ndi mphamvu ya chomenyacho komanso ngati chitsulo chili choyera kapena chakutidwa ndi oxide. Pa pressure ndi voltage yokwera, kanambala kamodzi kameneka kangathe kusintha khalidwe lonse la plasma.

Mbiri ya ntchitoyi ili ndi chenjezo lina. Chitsulo cholandira magetsi chikakhala chaching'ono kuposa makoma olumikizidwa pansi, voltage yambiri imagwera pa chaching'onocho, ndipo n'chifukwa chake wafer amaiika pamenepo. Mu 1970 Koenig ndi Maissel anawerengera kuti kusiyanako kuyenera kukula monga kusiyana kwa malo kochulukitsidwa mwa iko kokha kanayi. Oyeza atayeza anapeza kuti kolowera n'komweko, koma kukula kwake n'kochepa kwambiri, chifukwa mwa zina masamuwo sanawerengere kugundana kwa ma ion mkati mwa sheath. Pa 10 Pa ion ya argon imayenda pafupifupi theka la milimita isanagunde atom, ndiye m'sheath ya mamilimita angapo imagunda kangapo isanafike.

Pa chifukwa chimenechi anthu a m'ntchitoyi anadziikira miyeso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pa msonkhano wa Gaseous Electronics Conference, anagwirizana zopanga makina ofanana ndendende m'malabu osiyanasiyana, a zitsulo za masentimita 10 zotalikirana masentimita 2.54, kuti zoyeza za uyu zitheke kuziyerekeza ndi za uyo. Mu 2013 Miles Turner wa ku Dublin City University ndi anzake anathamangitsa mapulogalamu asanu olembedwa ndi anthu osiyana pa plasma ya helium, pa mikhalidwe inayi, mpaka mayankho anagwirizana, n'kufalitsa manambalawo kuti aliyense wolemba pulogalamu adziyese nawo. Dziwani kuti mayeso alipo awiri. Kugwirizana ndi manambala a Turner kumatsimikiza kuti pulogalamu yanu ikuwerengera molondola. Sikutsimikiza kuti zimene ikuwerengerazo ndi zimene zikuchitika m'bokosi; chimenecho chimatsimikizidwa ndi zoyeza za m'labu basi. Choncho pomuyankha pulofesayo mumufunse ngati gulu lake limayeza lokha kapena lili ndi labu imene limagwira nayo ntchito. Akayankha kuti alibe, muganize kawiri.

Za amalume, musawatsutse pa zimene akudziwa. Ku Malawi kulibe fakitale ya ma chip, ndipo mafakitale otere amadya mabiliyoni a madola. Akuluakulu ake ali ku Taiwan, South Korea, America, Japan ndi China. Ngati cholinga chanu chili chokayendetsa makina a etching, ntchitoyo ili kunja, ndipo ndi bwino banja lidziwiretu. Koma chimene mudzabwere nacho si makina. Mudzabwera mukudziwa kulemba mapulogalamu a C++ ndi Python, kumasula ma equation pa kompyuta, kugwiritsa ntchito njira ya Monte Carlo, ndi kuyesa ngati model ikunena zoona. Luso limeneli ndi lomwe limafunika powerengera kayendedwe ka madzi a pansi pa nthaka, kakhazikikidwe ka magetsi a dziko pamene masola akuchuluka, kapena kafalidwe ka matenda, ndipo madipatimenti a sayansi ku Zomba, ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuni amafuna anthu oterewa. Palinso mbali za plasma yozizira zimene zili pafupi ndi ife, monga kupha tizilombo pa zida za chipatala zosapirira kutentha, ndi kafukufuku amene akuchitika m'mayiko angapo wokhudza kameredwe ka mbewu. Za mbewuzo zikadali pa mlingo wa kafukufuku, ndiye musawalonjeze amalume zokolola.

Poyambira pake ndi apa. Lembani global model ya argon mu Python. Ma cross section mutenge pa webusayiti ya LXCat, pomwe amapezeka mwaulere, ndipo pulogalamu ya BOLSIG+ ya Hagelaar ndi Pitchford a ku Toulouse, yaulerenso, ikuthandizani kuwasandutsa ma rate, manambala onena kuti kugundana kulikonse kukuchitika kangati. Kenako tsitsani eduPIC, pulogalamu imene Donkó ndi anzake anafalitsa mu 2021 n'cholinga chophunzitsira. Ndi yaifupi moti mutha kuiwerenga mzere ndi mzere, ndipo muiwerengedi musanaithamangitse. Imabwera itakonzedwa kale pa argon, 10 Pa, 250 V ndi mpata wa 25 mm. Imasunga pamene yafika mu fayilo, choncho muziithamangitsa m'zigawo zifupizifupi kuti magetsi akazima musayambirenso pachiyambi, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala laputopu muziikweza pa kanthu kuti mpweya uzidutsa pansi. Mukapeza zotsatira zofanana ndi za eni ake, sinthani chinthu chimodzi chokha, tinene pressure, n'kuona mmene mphamvu za ma ion ofika pa chitsulo zikusinthira. Musanathamangitse, lembani papepala chimene mukuyembekezera ndi chifukwa chake. Ma graph amenewo, pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza pamene munalosera bwino ndi pamene zotsatira zinasiyana ndi ulosi wanu, muwatumize kwa pulofesayo limodzi ndi mafunso a za labu ndi za ndalama za sukulu.